Gumbo, brisket kapena lobster: mlendo ku America ayambire pati?

Funsani munthu amene wangobwera kumene kuchokera ku America kuti amadya chiyani, kawirikawiri amagwedeza mutu n'kunena kuti kuja kulibe chakudya, ndi mabaga, tchipisi ndi zozizira basi. Mukamufunsitsa mupeza kuti sabata yonse anadyera pabwalo la ndege, muhotela ndi m'malo ogulitsa zakudya zachanguchangu omwe ali pakona iliyonse. Zili ngati mlendo kufika pa Lilongwe, kudya tchipisi cha pachiwaya masiku asanu, n'kukauza abale ake kuti kuno chambo kulibe.

Chakudya chenicheni cha ku America chili m'zigawo. Dziko lija ndi lalikulu moti boma la Texas lokha likhoza kumeza Malawi pafupifupi kasanu ndi kamodzi, ndipo zimene amaphika ku New Orleans munthu wa ku Boston amazionanso ngati zachilendo. Vuto la ife alendo n'lakuti timapitako masiku owerengeka, kumsonkhano, kumwambo wa mwana womaliza maphunziro kapena kukaona achibale, thumba lili lopyapyala. Simungalawe zonse. Ndiye tiyeni tiyerekeze, ndipo ndinenerethu kuti ine ndili ndi mbali yanga: mtima wanga uli kummwera.

Louisiana: therere linawoloka nyanja

Mukakhala ndi mwayi wosankha mzinda umodzi wokha chifukwa cha chakudya, pitani ku New Orleans. Kumeneko anthu amakambirana za chakudya chamadzulo pamene akudya chamasana.

Mfumu ya mphika kumeneko ndi gumbo. Akatswiri ambiri a zinenero amati dzinali linachokera ku mawu a ku Angola akuti ki ngombo, kutanthauza therere lobala lomweli timalima kuseri kwa nyumba. Linapita ndi akapolo. Koma musayembekezere therere lotelereka la chidulo. Wophika amayamba ndi kukazinga ufa wa tirigu m'mafuta, kutakasa osalekeza theka la ola kapena kupitirira, mpaka utada ngati khofi. Akangotembenuka kuyankha foni, ufa wapsa, ayambirenso. Mmenemo amathiramo anyezi, selari ndi tsabola wobiriwira wosawawa, kenako msuzi, nkhuku ndi soseji yofukiza utsi yotchedwa andouille, kapena nkhanu ndi shrimp, tinyama tating'ono ta m'nyanja tonga prawns. Ena amakhuthalitsa ndi therere, ena ndi filé, ufa wa masamba a mtengo wa sassafras umene anaphunzira kwa anthu a mtundu wa Choctaw, eni nthaka. Amathira pa mpunga woyera. Mbale imodzi ili ndi dzanja la Mfalansa, la Mwafirika ndi la mwini dziko.

Mudzamva mawu awiri, Creole ndi Cajun, ndipo sasiyana pang'ono. Creole ndi kaphikidwe ka mumzinda, kokonda tomato ndi batala. Cajun ndi ka kumudzi, m'madambo, ka zidzukulu za anthu olankhula Chifalansa amene Angerezi anawathamangitsa kummawa kwa Canada kuyambira mu 1755. Gumbo wawo ndi wakuda, wa utsi, ndipo ambiri a iwo tomato mu gumbo safuna n'kumuona komwe.

Malo amodzi oyenera kuwatchula ndi Dooky Chase's, m'dera la Tremé. Mayi Leah Chase, amene anamwalira mu 2019 ali ndi zaka 96, anaphikira pamenepo atsogoleri omenyera ufulu wa anthu akuda m'nthawi imene lamulo linkaletsa akuda ndi oyera kudyera pamodzi. Koma gumbo wabwino mungamupezenso m'kalesitilanti kopanda dzina lomveka.

Ubwino wina wa New Orleans ndi wakuti zotsika mtengo nazo ndi zokoma. Po' boy ndi buledi wautali wodzaza shrimp yokazinga kapena nyama ya ng'ombe yamsuzi. Mbiri yake amaikoka ku sitalaka ya ogwira ntchito m'matiramu, tisitima toyenda m'misewu ya mumzinda, ya mu 1929, pamene abale awiri a banja la Martin ankadyetsa ulere anzawo onyanyala ntchitowo. Lolemba ndi tsiku la nyemba zofiira ndi mpunga, chifukwa kale linali tsiku lochapa, ndipo nyemba zinkatha kubwata zokha amayi ali pa beseni. Ndani wa ife sakuidziwa nzeru imeneyo? Ndiye pali beignet, amene kunena zoona ndi mandasi a makona anayi okwiriridwa mu shuga wa ufa. Ku Café du Monde akhala akugulitsa khofi kuyambira 1862. Mukavala suti yakuda mudzatuluka ngati mwachokera kuchigayo.

Chovuta chake ndi mtunda. Kuchokera ku New York ndi makilomita pafupifupi 1,900, ndipo kuyambira Juni mpaka Seputembala kumatentha chinyontho ngati ku Nsanje.

Georgia, Carolina ndi Tennessee: kwathu kwachiwiri

Chakudya chimene amachitcha soul food ndi chimene chidzakudabwitseni chifukwa chosadabwitsa. Mbale ikabwera mumaona masamba obiriwira, khobwe, mbatata, mlamba wokazinga ndi chigumu. Mumayang'ana uku ndi uku kufuna amene wabisa nsima.

Kusiyana kuli m'kaphikidwe. Masamba awo, collard greens, ndi achibale a repu ndi kabichi, koma amawabwatitsa ola lathunthu kapena awiri pamodzi ndi mwendo wa nkhumba wofukiza, n'kuthira viniga pang'ono. Ife amene timakonda masamba obiriwirabe, otendera nsinjiro, tsiku loyamba timaona ngati apsereza. Tsiku lachiwiri mumapezeka mukusunsa chigumu mumsuzi wake. Chigumu chawocho, cornbread, chilibe nthochi, ndipo akummwera ambiri achikulire amati kuthiramo shuga ndi khalidwe la akumpoto.

Ndiye pali grits. Awa ndi misere ya chimanga yophikidwa ngati phala lolimbirapo, lothira mchere, batala, nthawi zina tchizi. Apa Amalawi timagawanika. Ena amati ndi nsima yolephera. Ine ndimati ayi, ndi chinthu china pachokha, ndipo mukadzafika ku Charleston kapena ku Savannah mudzalawe grits wa shrimp, amene anayamba ngati kadzutsa wa asodzi. Dera limenelo la m'mphepete mwa nyanja ndi kwawo kwa anthu a Gullah Geechee, zidzukulu za akapolo amene anatengedwa kumadzulo kwa Africa chifukwa chodziwa kulima mpunga. Chakudya chawo chotchuka, Hoppin' John, ndi mpunga wophikira pamodzi ndi khobwe, ndipo pa 1 Januwale mabanja ambiri kummwera amadya chimenechi poyembekeza chaka chamwayi. M'mbali mwa misewu ya ku South Carolina ndi Georgia amagulitsa mtedza wauwisi wowiritsa ndi makoko omwe. Akumpoto amaunyansidwa, inu mudzangokumbukira mwezi wa Epulo kumudzi.

Njira yotsika mtengo yolawira zonsezi ndi malo otchedwa meat and three: mumasankha nyama imodzi ndi ndiwo zitatu zapambali. Musadabwe kupeza makaroni a tchizi ali pamndandanda wa masamba. Mzinda wa Nashville uli ndi malo otere ambiri, komanso ndi kwawo kwa hot chicken, nkhuku yokazinga yopakidwa mafuta a tsabola, imene banja la Prince linayamba kugulitsa cha m'ma 1930. Nthano yake imati mkazi wina anafuna kulanga mwamuna woyendayenda pomudzazira tsabola munkhuku, mwamunayo n'kuikonda. Muli komweko mungakaonenso Meharry Medical College, kumene Kamuzu Banda anamalizira maphunziro a udokotala mu 1937.

Ndani ayenera kusankha dera limeneli? Munthu amene watopa ndi buledi ndipo mimba ikulira kwawo. Komanso ndi losavuta kulifika: ndege za Ethiopian Airlines zinayamba kutera ku Atlanta mu 2023. Koma ngati mukufuna chinthu choti mukafotokozere anthu kuti simunachionepo, Louisiana ikuposa.

Nyama ya utsi: Texas, Carolina kapena Kansas City

Choyamba, iwalani kanyenya. Barbecue ya ku America si nyama yootcha pamakala amoto. Nyama imakhala patali ndi moto, m'ng'anjo yotseka, utsi wa nkhuni n'kumaiphika pang'onopang'ono usiku wonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pakati pa Texas, ng'ombe ndiyo nkhani. Amatenga brisket, nyama ya pachidale yolimba ija imene kwathu timaibwatitsa mpaka nkhuni kutha, n'kuipaka mchere ndi tsabola wakuda basi, n'kuifukiza ndi nkhuni za mtengo wa oak maola 12 kapena kuposa. Ikatuluka, kunja kwada bii ngati yapserera, m'kati yofewa yoti mano alibe ntchito. Mwambowu unachokera kwa ogulitsa nyama a Chijeremani ndi Chicheki amene ankafukiza yotsala kuti isawonongeke, n'chifukwa chake mpaka lero amakugulitsani pasikelo, pa paundi, imene ndi magalamu 454, n'kukupatsani papepala pamodzi ndi buledi woyera ndi anyezi. M'katauni ka Lockhart muli Kreuz Market, yomwe inayamba mu 1900. Ku Austin kuli Franklin Barbecue, kumene anthu amabwera ndi mipando yawo m'mamawa kudzafola, ndipo nyama ikatha atseka. Mukafika kutsogolo adzakufunsani ngati mukufuna yamafuta kapena yopanda mafuta. Tengani yamafuta. Za dokotala mukaziona kwanu.

Ku North Carolina ndi nkhumba. Kummawa kwa bomalo amafukiza nkhumba yathunthu, n'kuidula tizidutswa ndi zikwanje, khungu lokhofomoka lomwe, n'kuwaza viniga wa tsabola. Ku Ayden, Skylight Inn yachita zimenezi kuyambira 1947. Chakumadzulo, ku Lexington, amaphika phewa lokha n'kuthira tomato pang'ono mu viniga, ndipo kasiyanidwe kakang'onoka anthu amakangana nako ngati Bullets ndi Wanderers. Kansas City imafukiza chilichonse n'kupaka msuzi wokhuthala wotsekemera. Kumeneko funsani burnt ends, tinsonga ta brisket topsa kawiri.

Pa zitatuzi ine ndimaika Texas patsogolo, chifukwa palibe msuzi wobisa zolakwa. Ya Carolina ndiyo yotsikirapo mtengo. Ya Kansas City lilime la kwathu limaiona ngati nyama yothira jamu, ngakhale ana amaikonda. Dziwani kuti brisket m'malo otchuka imapitirira madola 30 pa paundi, ndiye ndi bwino kupita anthu atatu n'kugawana. Chenjezo lina: barbecue ya m'malesitilanti a mahotela a ku New York si imene ndikunenayi.

Mizinda ya kumpoto: zodya mutaimirira

Ambiri a ife ndege imatisiya ku New York, Washington kapena Chicago, ndipo ulendo umathera komweko. Palibe chodandaula, kungoti zakumeneko ndi zam'manja.

Ku New York gulani chidutswa chimodzi cha pizza pa madola atatu kapena asanu, muchipinde pakati, mudye mukuyenda. Ku Chicago kuli deep dish, imene inayambira ku Pizzeria Uno mu 1943: yakuya ngati poto, tchizi pansi, tomato pamwamba, ndipo imatenga mphindi 40 kuti ipse. Zidutswa ziwiri zimagonetsa munthu wamkulu. Eni mzinda masiku ambiri amadya ina yopyapyala yodula timabokosi, ndipo ine ndikanakhala ndi chakudya chimodzi ku Chicago ndikanatenga Italian beef, buledi wa nyama yopyapyala woviika mumsuzi. Amene mukukachezera achibale ku South Bend, ku Indiana, kumene Amalawi alipo ambiri, Chicago ili pafupi, sitima ya South Shore Line imakufikitsani. Mukagula hot dog kumeneko musapemphe ketchup, adzakuyang'anani ngati mwadya nsima ndi dzanja lamanzere pamaso pa apongozi.

Philadelphia ili ndi cheesesteak, nyama ya ng'ombe yokazinga ndi tchizi mubuledi, imene Pat Olivieri ndi mbale wake Harry anayambitsa cha kumayambiriro kwa m'ma 1930. Ndi yokoma, koma si yoti munthu n'kukwerera ndege. Ku Washington, pa U Street, Ben's Chili Bowl yagulitsa soseji ya half-smoke kuyambira 1958.

Lobster kapena nkhanu?

Apa ndiye pamene ndalama za alendo zimathera. Aliyense wopita ku Boston kapena ku Maine amauzidwa kuti asabwerere osadya lobster roll. Ndi kabanzi kakang'ono kodzaza nyama ya lobster, chinkhanu chachitali cha m'nyanja yamchere, yozizira ya mayonezi monga amachitira ku Maine, kapena yotentha ya batala monga ku Connecticut. Imakoma, sindikana. Koma mumalipira madola 30 kapena kuposa pa chinthu chotha mukaluma kasanu, ndipo munthu amene anadyapo prawns za ku Beira kapena ku Maputo sangagwe nayo mphwayi kapena kukomoka nayo. Ngati muli ku Boston, mbale ya clam chowder, msuzi woyera wa mkaka, mbatatesi ndi tinyama ta m'zigoba, ikupatsani kukoma kwa dera lija pa mtengo wochepa, makamaka kukuzizira.

Nkhanu za ku Maryland ndi nkhani ina. Kuchokera ku Washington kupita ku Baltimore kapena ku Annapolis ndi ulendo wa ola limodzi. Amayala mapepala patebulo, n'kukhuthula mulu wa nkhanu za ku Chesapeake Bay zophika pa nthunzi, zofiira ndi zokometsera zamchere ndi tsabola zonga Old Bay, n'kukupatsani kanyundo ka mtengo. Palibe foloko. Mumaswa, mumatong'ola, mumayamwa, maola awiri akutha mukucheza. Kanyama kake n'kochepa, koma ife amene tinakulira kuchotsa minga ya usipa ndi kuswa mutu wa chambo ntchito imeneyi sitiiopa. Nyengo yabwino ndi kuyambira Julayi mpaka Okutobala. Pakati pa ziwirizi, nkhanu zapambana, chifukwa mumagula chakudya ndi macheza omwe.

New Mexico, kwa okonda kambuzi

Alendo ochokera kunja safikako kawirikawiri, ndipo amataya. Ku Santa Fe ndi Albuquerque woperekera zakudya amakufunsani funso limodzi, wofiira kapena wobiriwira, ndipo funsoli boma lawo linalikhazikitsa mwalamulo kukhala funso la boma. Akunena msuzi wa tsabola. Mukafuna zonse ziwiri mumayankha kuti Christmas. Tsabola wake wotchuka amalimidwa m'chigwa cha Hatch, ndi wamkulu ngati nthochi yaing'ono, ndipo kwa iwo si chokometsera ayi, ndi ndiwo. M'miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala amamuwotcha m'migolo yozungulira panja pa masitolo, fungo lake n'kudzaza tauni. Kuwawa kwake sikufika pa kambuzi, ndiye musaope.

Chimene chimandikoka ine kumeneko ndi chimanga. Mbewu imene timaiyesa yathuyi inachokera ku Mexico, ndipo anthu a dera lija akhala nayo zaka zikwi zingapo ife tisanaione. Amaiwiritsa m'madzi a laimu kapena a phulusa kuti gaga achoke. Njirayi imamasula vitamini wotchedwa niacin amene thupi silingamupeze m'chimanga chosaphikidwa motero, ndipo kusowa kwake ndi kumene kumabweretsa matenda a pellagra. Chimanga chinafika ku Africa, koma nzeru ya phulusayo inatsalira. Lawani posole, msuzi wa chimanga chofufuma chonga chingowe chokhala ndi nyama ndi tsabola wofiira, komanso enchilada, kamkate kopyapyala ka chimanga cha buluu koika nyama kapena tchizi.

Za nkhumba, ndi za bilu

Abale athu Achisilamu ndi a Seventh-day Adventist, samalani kwambiri kummwera. Nkhumba imabisala mmene simukuiganizira: m'masamba, mu nyemba, mu khobwe, mu gumbo wa nkhuku, ngakhale m'chigumu chophikidwa ndi mafuta ake. Ku Texas brisket ndi ng'ombe, koma soseji kawirikawiri imakhala yosakaniza kapena yokutidwa ndi thumbo la nkhumba. Funsani mosachita manyazi, anazolowera kufunsidwa. Kwa inu amene simudya nkhanu ndi shrimp, Louisiana ndi Maryland zidzakuvutani. Texas ndi mlamba kwa amene amadya mlamba ndiye njira zanu, ndipo ku New York ngolo za halal zogulitsa mpunga wa nkhuku zili m'misewu yambiri ya Manhattan.

Mtengo wolembedwa pa menyu si umene mudzalipire. Amawonjezerapo msonkho, ndipo pamalo pamene mwakhala pansi n'kutumikiridwa mumayenera kusiya tip ya 18 kapena 20 pa 100 iliyonse, chifukwa m'maboma ambiri malipiro a woperekera zakudya amadalira imeneyo. Mbale zawo ndi zazikulu, imodzi imakwanira awiri, ndipo kupempha kabokosi kotengera zotsala si umphawi, mabwana omwe amatero. Mawu ena amasokoneza: entrée ndi chakudya chachikulu, biscuit ndi sikono yamchere, chips ndi makirisipi, ndipo tchipisi chathu ndi fries. Madzi apampopi ndi aulere, kungoti amabwera odzaza ayezi ngakhale kunja kukugwa chipale.

Ndiye tinene kuti muli ndi msonkhano wa masiku asanu ku Washington, ndipo Loweruka ndi Lamlungu ndi anu. Ngati ndi Ogasiti, kwerani sitima ya ku Baltimore mukaswe nkhanu. Ngati ndi Malichi kapena Epulo ndipo thumba likulola, gulani tikiti ya ku New Orleans, ulendo wa pandege wosakwana maola atatu. Imeneyo ndi nyengo ya crawfish, tinkhanu ta m'madambo timene amawiritsa m'migolo pamodzi ndi chimanga chachiwisi ndi mbatatesi. Yambani ndi gumbo Loweruka masana, ndipo muuzeni woperekera kuti mukufuna wa therere.